CHENJEZO: Mvula Yayandikira, Suweji Ilowa M'mitsinje

Inu nonse okhala kumunsi kwa sukulu zogonera konko, zipatala, ndende ndi misika ya m'matauni ang'onoang'ono, tcherani khutu. Mvula yoyamba ikangogwa, musamwe madzi a mumtsinje, musatsukire mbale, musasambitsire ana, pokhapokha mutawawiritsa kapena kuthiramo kolorini. Ngakhale aoneke oyera mbee, tizilombo ta kolera ndi taifodi sitioneka ndi maso.

Malo ambiri otere amataya zonyansa zawo m'madamu a suweji. Damu loyamba limakhala lakuya, kuti zolemera zikhazikike pansi. Otsatirawo ndi osaya, kuti dzuwa ndi ndere ziphe tizilombo. Ntchito yonseyi imafuna nthawi: madzi ayenera kukhalamo masabata angapo asanatsikire kumtsinje. Koma damu likatha zaka osachotsamo matope, limakwiririka, ndipo madzi amangoyenda pamwamba n'kutuluka ali aiwisi. Mvula ikawonjezerapo ake, zonse zimasefukira kudambo. Damu losaya lamoyo limakhala lobiriwira, fungo lake lochepa. Mukaliona lakuda kapena lotuwa, lonunkha muli patali, udzu utamera pakati, dziwani kuti linafa kalekale, ngakhale eni ake akuuzeni kuti likugwira ntchito.

Tisaiwale msanga. Mliri wa kolera umene unayambira ku Machinga mu Marichi 2022, pambuyo pa namondwe Ana, unafika m'maboma onse a dziko lino, n'kupha anthu oposa 1,700. Ndipo mtsinje sutha pamene mwatayira zonyansa. Zimene zalowa mu Likangala ku Zomba zimakathera m'nyanja ya Chilwa, kumene asodzi amamwa madzi omwewo ali m'bwato.

Zina timachita tokha. Pali ena amadikira mvula yausiku kuti atsegule chimbudzi chodzaza, zonyansa zipite ndi madzi a m'ngalande. Ena amaboola paipi ya suweji kuti athirire dimba, mawa lake mpiru ndi tomato zili pamsika. Amayi ndi abambo, matewera otaya, nsanza ndi majumbo musaponye m'chimbudzi chamadzi. Ndizo zimatseka mapaipi mpaka suweji kutumphukira pamsewu. Mukakumba chimbudzi, chikhale kumunsi kwa chitsime, mamita osachepera 30. Mukaitana galimoto yopopa, funsani kumene akakhuthule. Amene watchipitsa mtengo n'kumazemba funsolo, kawirikawiri amathera kudambo lapafupi.

Kwa inu akuluakulu a makhonsolo, a sukulu ndi a zipatala: chotsani matope m'madamu tsopano kukadali kouma, tsekani ming'alu ya m'zipupa, patutsani ngalande za madzi a mvula kuti zisathire m'madamumo, ndipo mangani mpanda ana ndi ziweto zisafikeko. Kuipitsa mtsinje ndi mlandu pansi pa lamulo losamalira zachilengedwe la 2017. Ndalama ya chipatala cha kolera imaposa kutali ya mafosholo ndi mawilibala.

Mafumu ndi makomiti a m'midzi, mukaona suweji ikutsikira kumtsinje, kanenani tsiku lomwelo kwa mlangizi wa zaumoyo, kukhonsolo kapena ku bungwe loteteza zachilengedwe la MEPA. Wina akayamba kutsegula m'mimba, chimbudzi chake chili ngati madzi otsukira mpunga, mumwetseni Thanzi ORS ali m'njira yopita kuchipatala. Musadikire kuti kuche, kolera amatha kupha munthu wamkulu pa maola ochepa.