Keke ya pa foni, ukwati uli ku Malindi

Anesi,

Ndine mayi wa zaka 52 ndipo ndimakhala kuno ku Malindi. Mwana wanga wamkazi akumanga ukwati woyera mu Disembala. Mchimwene wake amene ali ku Joni wapeza pa Facebook mayi wina wa ku Blantyre wophika makeke ansanjika. Akuti tisankhe pakati pa keke ya kirimu ndi fruit cake, tilipiretu ndalama zonse pa foni, keke idzakwera minibasi Lachisanu, ukwati Loweruka. Mkwatibwi wakakamira ya kirimu poti ndiyo ikuoneka bwino pachithunzi. Akuchimuna ena ndi Asilamu, ndiponso agogo a mkwatibwi ali ndi nthenda ya shuga. Mtima wanga sukukhazikika. Nditani?

Mayi wa mkwatibwi,
Malindi

Zikomo achemwali,

Mwachita bwino kufunsa, safunsa adadya phula. Kuitanitsa keke pa foni kulibe cholakwa, amayi ambiri akuphunzitsa ana ndi bizinesi imeneyi. Koma chithunzi sichikwera minibasi, imakwera ndi keke. Tiyeni tiyende nayo limodzi.

Kuchoka ku Blantyre, kudzera ku Zomba ndi Liwonde mpaka pa boma la Mangochi, ndi makilomita pafupifupi 190. Ikatsika pamenepo iyenera kuwoloka Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi n'kukwera china chofikira ku Malindi. Minibasi imaima paliponse kudikira anthu, katoni ili pamwendo pa munthu kapena pafupi ndi thumba la usipa. Inu mukudziwa mmene kumatenthera kunyanja mu Disembala. Ikafika, igonenso usiku wonse mufiriji yomwe magetsi ake sitingawalumbirire.

Ku sukulu ya unamwino tidaphunzira kuti tizilombo toyambitsa matenda timaswana kwambiri chakudya chikakhala pakati pa madigiri 5 ndi 60. N'chifukwa chake bungwe la WHO limalangiza kuti chakudya chophika chisakhale pamtetete kupitirira maola awiri. Kirimu wamkaka, kasitadi ndi chilichonse chothira mazira osaphika ndiye munda wa tizilomboto. Tina timachokera m'manja ndi m'mphuno mwa wophikayo, ndipo timasiya poizoni wosanunkha, wosaoneka, wosamveka pakamwa. Munthu amadya akuvina, pakangopita maola ochepa kusanza ndi kutsekula kwayamba. Oyamba kufooka ndi ana, amayi oyembekezera ndi okalamba. Kodi mukufuna perekaniperekani akathere ku St Martin's? Kirimu wa majarini ndi shuga saopsa chomwecho, koma padzuwa amasungunuka, nsanjika n'kupendekeka.

Choncho ine ndikuti tengani fruit cake. Keke imeneyi imakhala yothinana, ya shuga wambiri, mphesa zouma ndi zipatso zina zouma, madzi ochepa. Tizilombo timavutika kuswanamo, moti ikakutidwa bwino imatha masabata popanda firiji. Mwambowu tidatengera kwa Angerezi, ndipo iwo ankadziwa chimene ankachita. Keke ya ukwati wa Elizabeth mu 1947, asanakhale Mfumukazi, idali ya mtundu womwewu, ya nsanjika zinayi, ndipo zidutswa zake zidatumizidwa kutali osaonongeka. Muuzeni mkwatibwi kuti akaikutira ndi shuga wouma uja amati fondant, pachithunzi idzawala chimodzimodzi.

Komatu fruit cake ili ndi chinsinsi chake. Ophika ambiri amaviika zipatsozo mu burande kapena ramu, ena amathiranso pamwamba ikapsa. Musakhulupirire zoti mowa wonse umathera mu uvuni, wina umatsalira. Kudyetsa asewere anu Achisilamu zoterozo osawauza ndi mlandu woti ankhoswe angatope nawo banja lisanayambe. Uzani wophikayo, mochita kulemba, kuti aviike mu tiyi kapena madzi a malalanje. Dziwani kuti yopanda mowa sikhalitsa ngati inzake, ndiye iphikidwe sabata ya ukwatiyo.

Tsopano za ndalama. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Aliyense angathe kutola zithunzi pa intaneti n'kumati ndi ntchito ya manja ake. Mnyamata wanu ali kutali, sangaone. Tumani wachibale wa ku Blantyre akafike pakhomo pa mayiyo, aone khitchini, alaweko, apatsidwenso manambala a anthu awiri amene adagulapo. Ndalama zonse musapereke. Lipirani theka, zotsala keke ikafika. Potumiza pa Airtel Money kapena Mpamba onetsetsani kuti dzina la wolandira ndi lomwe mukulidziwa, ndipo uthenga wake musafufute. Pa WhatsApp mulemberane tsiku, kulemera kwake, zothiramo, ndi yemwe adzalipire ikaphwanyika panjira. Funsaninso ngati nsanjika zonse zili zodyedwa, poti ena amaikapo zongokongoletsera. Akakana zonsezi, musiyeni. Pa boma pomwepa aliponso odziwa kuphika, ndipo njira yake ndi yaifupi. Mukaberedwa, pitani kupolisi ndi mauthengawo.

Keke isayende yokha ngati kalata. Ibwere ndi munthu wanu, kum'mawa kusanatenthe, nsanjika iliyonse m'katoni yake, adzaisanjikize ku holo komweko. Ikafika tsegulani wobweretsayo ali pompo. Ikamveka fungo la chuku, kapena mtedza wake ukamawawa, ibwezeni. Isungeni pamthunzi, miyendo ya tebulo ili m'timbale ta madzi kuopa nyerere.

Tsiku la ukwati, odula ndi kugawa keke asambe m'manja ndi sopo, ndipo wogwira ndalama asagwirenso keke. Kolera wa mu 2022 ndi 2023 adatisautsa kwambiri kuno ku Mangochi, ndipo Disembala ndi nyengo ya mvula.

Agogo musawamane, angadandaule. Apatseni kachidutswa kofanana ndi bokosi la machesi atadya kale nsima, osawonjezera Fanta, ndipo mankhwala awo amwe monga mwa masiku onse. Fruit cake ili ndi shuga wambiri ngakhale dzina lake likunena za zipatso.

Mkwatibwi akapitiriza kukakamira, musakangane naye. Muwerengereni yankholi, ndipo mumulonjeze kakeke ka kirimu kakang'ono kophikidwa pafupi, koti adzadye ndi mwamuna wake tsiku lomwelo.

Ukwati wabwino, achemwali. Chidutswa changa mundisungire.

Anesi