Mtundu wa jezi si wa eni timu okha

Mu June 2022, timu ya basketball ya Utah Jazz ku America inaonetsa mayunifolomu atsopano: akuda, oyera, ndi ena achikasu chothobwa m'maso. Mtundu wa pepo, umene masapota ankaupempha, unangopatsidwa jezi imodzi yachikumbutso. Anthu anadandaula kwambiri, ndipo mu 2024 timuyo inalengeza kuti ikubwerera ku pepo ndi chithunzi cha mapiri pachifuwa.

Ine ndili kumbali ya masapota. Pepo uja timuyi inachoka naye ku New Orleans pomwe inkasamukira ku Salt Lake City mu 1979. Jezi ya mapiri inabwera mu 1996, ndipo ndi imene Karl Malone ndi John Stockton anavala pamafainolo a 1997 ndi 1998. Onse awiri anagonja kwa Chicago Bulls ya Michael Jordan, komabe munthu wa ku Utah akaona jezi imeneyo amakumbuka kumene anaonera masewerowo ndi amene anakhala naye pafupi. Kuyambira 2004 eni timu anayesa buluu, kenako anawonjezera wobiriwira, koma mitima ya anthu sinasunthe.

Tisanamizane, nkhani ndi ndalama. Chitengereni Nike udindo wosoka mayunifolomu a NBA mu 2017, pafupifupi timu iliyonse imatulutsa jezi yatsopano ya City Edition chaka ndi chaka. Zina n'zokongola ndithu. Koma masiku ano ukatsegula masewero pafoni, umayamba wawerenga mayina pakona kuti udziwe amene akusewera. Kale kungoona wobiriwira unkadziwa kuti ndi Boston Celtics.

Wina anena kuti Los Angeles Lakers nayo inasintha. Inde, inasiya buluu mu 1967 n'kutenga pepo ndi golide. Koma itasankha inakhazikika, ndipo Magic Johnson, Kobe Bryant ndi LeBron James onse apambana zikho atavala mitundu yomweyo. N'chifukwa chake jezi ya Lakers sichedwa pamulu wa kaunjika, ngakhale wogulayo sanaonerepo masewero awo.

Anzanga okonda mpira wamiyendo, tangoganizani Bullets italowa m'bwalo itavala buluu wa Manoma chifukwa wina muofesi wati ndiye akuyenda malonda. Kodi mungakhale chete?