Oyimba a ku Salima asankhe mosamala ofalitsa nyimbo

Zikondwerero za Sand Music ndi Lake of Stars zomwe zachitikira ku Senga Bay zapatsa oyimba odziyimira paokha mpata wodziwika, koma msika wokhalitsa uli pa intaneti. Spotify idafika m'Malawi mu 2021, komabe nyimbo zimakalowako kudzera m'makampani ofalitsa.

Nkhani yagona pa malipiro. DistroKid imalipiritsa chaka chilichonse m'madola, ndipo amene walephera kulipira nyimbo zake zikhoza kuchotsedwa. CD Baby imalipiritsa kamodzi pa nyimbo kapena chimbale, kenako imadula 9 peresenti ya ndalama zolowa.

Kwacha idagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo madola akusowabe. Kwa woyimba wodalira zoyimbayimba za m'mphepete mwa nyanja, kulipira kamodzi ndiko kungateteze nyimbo zake.