Ubwino wa Sipika Suli m'Phokoso

Anyamata ambiri m'maparishi mwathu akhoma okha mabokosi a masipika. Luso limeneli tiliyamikira. Maziko ace anawaika Chester Rice ndi Edward Kellogg ku America mu 1925: waya wokulungidwa pakati pa maginito agwedeza pepala lolimba, pepalalo likankha mpweya, ife nkumva nyimbo.

Bokosi labwino lifuna matabwa ocindikala, omatidwa bwino pokumana pace. Sipika yaikulu itenga mau a besi, yaing'ono mau okwera. Masipika aŵiri a maohm 8, tikalumikiza waya wofiira kwa wofiira, wakuda kwa wakuda, atsika kufika pa 4, ndipo ampulifaya yofooka ingapse.

Cotidetsa nkhawa ncakuti ana athu ayesa sipika ndi kunjenjemera kwa malata. Phokoso lopitirira madesibelo 85, likamvedwa maola ambiri tsiku ndi tsiku, liononga makutu, ndipo makutuwo sacira. Nawo agogo odwala ndi khanda la mnansi afuna tulo.

Muyeso wathu ukhale uwu: tiike nyimbo ya kwaya. Ngati liu lililonse limveka, pamene amai ndi atate aceza osakuwa, mmisiri wathu wapambana. Cecilia Woyera, nkhoswe ya oimba, atipempherere.