Mlingo wa mnzako si wako

Pali mabanja amene agulitsa ng'ombe ndi minda kuti mwana wodwala khansa ya m'magazi kapena sickle cell akamuike maselo a m'mafupa a m'bale wake ku India. Akatsika ndege, ambiri amayesa nkhondo yatha. Ayi ndithu.

Maselo achilendowo amatha kuukira thupi la wodwalayo: khungu limachita zidzolo, m'mimba mumatseguka, chiwindi chimavulala. N'chifukwa chake madokotala amapereka mankhwala ofooketsa chitetezo cha m'thupi, monga tacrolimus, kwa miyezi ingapo. Akachepa, kuukira kuja kumabuka. Akachuluka, impso zimaonongeka ndipo matenda amangolowa ngati m'nyumba yopanda chitseko.

Chovuta n'choti matupi sagaya mankhwalawa mofanana. Anthu akuda ambiri ali ndi chibadwa, chotchedwa CYP3A5, chimene chimachotsa tacrolimus m'magazi msanga kusiyana ndi azungu ambiri. Mu 2015 gulu la akatswiri la CPIC lidalangiza kuti anthu otere aziyamba ndi mlingo wokulirapo, ngakhale kuwirikiza kawiri, kenako n'kumawayeza magazi.

Kwathu kuno palinso msampha wina. Rifampicin, yemwe ali m'mankhwala a TB, amatsitsa tacrolimus m'magazi, pomwe fluconazole amamukweza.

Ife tikuti boma likamatumiza odwala kunja, lizikonzeratu komwe azikayezetsa magazi akabwerako. Inunso abale, musachepetse mapiritsi poti ngodula. Kuchipatala chilichonse mungapite, ngakhale chaching'ono cha kumudzi, tengani kalata ya dokotala wakunja uja ndipo muionetse asanakulembereni mankhwala ena.