CHENJEZO: Musapereke chiphaso chanu cha unzika kwa mavenda

Alimi anzanga a m'boma la Mchinji, mvula yayandikira ndipo anyamata a njinga zamoto ayamba kale kuzungulira m'midzi. Ulendo uno sakufuna mtedza kapena soya. Akufuna ziphaso zanu za unzika. Akafika pakhomo panu musawapatse, ngakhale atakuonetsani ndalama zochuluka bwanji.

M'nthawi ya makuponi a feteleza, amene anayamba mu 2005, wogulitsa kuponi ankataya kapepala ka chaka chimodzi. Koma kuyambira mu 2020, pamene ndondomeko ya feteleza wotsika mtengo ya AIP inakhazikitsidwa, kuponi ya mlimi ndi chiphaso chake cha ku NRB. Kalaliki akangochijambula, makina amalemba kuti mwatenga matumba anu onse awiri, la NPK lokulitsa ndi la Urea lobereketsa. Makinawo sadziwa amene wanyamula matumbawo. Amangodziwa dzina lanu.

Ndinadzionera ndekha padepoti ina. Mayi wina wachikulire anagona pakhonde masiku atatu, tsiku lililonse akuuzidwa kuti netiweki yavuta. Ufa umene anatenga unatha. Kenako panabwera mnyamata waulemu wake, ananjuta n'kunena kuti, "Agogo, mukuvutikiranji chonchi? Tipatseni chiphasocho, mkatimu tili ndi anzathu. Inu kapumeni, matumba akupezani kunyumba." Anawafumbatitsa kandalama ka sopo. Patatha sabata chiphaso chinabwera, matumba osaoneka. Atabwerera kudepoti, kalaliki anayang'ana pafoni n'kuwauza kuti, "Mayi, apa pakuonetsa kuti munagula kale." Anakhala pansi pomwepo, chingwe chomangira matumba panjinga chili m'manja. Mu February chimanga chawo chinali chachikasu, cholekeza m'mawondo, iwo ali paganyu m'munda wa eni.

Ndikudziwa kuti ambiri amene amagulitsa ziphaso si opusa. Ndi njala, ndi fizi ya mwana, ndi matenda pakhomo, ndipo nthawi zina ndalama yowombolera matumbawo imakhala palibe. Koma tawerengerani nokha. Mu 2020 thumba lotsika mtengo linali K4,495, mu 2022 linafika K15,000, pamene masiku ano m'sitolo thumba lomwelo lapitirira kale K100,000. Kusiyana konseko boma limakulipirirani inu. Venda akakupatsani kangachepe, iye ndiye watenga zonsezo, ndipo fetelezayo akamugulitsa pamtengo wa m'sitolo, mwina kwa inu nomwe. Ngati ndalama yakuperewerani, sonkheranani ndi abale kapena kabwerekeni kubanki mkhonde, mugawane fetelezayo pamudzi.

Chenjeraninso ndi aliyense wofuna ndalama kuti dzina lanu lilowe m'kaundula, kaya akuti ndi ya fanta, kaya ya cholembera. Kulembedwa dzina n'kwaulere. Uthenga wa pafoni wokuuzani kuti mutumize ndalama ku Airtel Money kapena Mpamba kuti akusungireni matumba ndi wa akuba. Ndipo feteleza wogulitsidwa kuseri, m'thumba losokedwanso ndi manja, pisanimo dzanja mpaka pansi musanalipire, chifukwa ena amasakaniza ndi mchenga.

Mafumu athu, inu a Gulupu ndi a Nyakwawa, mavendawa salowa m'mudzi inu osadziwa. Tikupemphani kuti muwabweze. Ana amene muli m'tauni, imbirani makolo anu lero, muwauze kuti chiphaso chikhale m'manja mwawo mpaka atafika pamaso pa kalaliki, ndipo asachoke osatenga risiti. Ngati agogo sangathe kuyenda, aperekezedwe ndi mdzukulu wodalirika.

Amene chiphaso chanu chinapita kale, musabise chifukwa cha manyazi. Pitani kwa alangizi a zaulimi a m'dera lanu ndiponso kupolisi, mukanene amene anachitenga. Wogwira ntchito padepoti akakupemphani ndalama yapamwamba, imbani ku bungwe lolimbana ndi ziphuphu la ACB pa nambala yaulere ya 113. Chitani zimenezi sabata ino, mvula yobzalira isanagwe.