Alakatuli, tengani woimba mutuluke m'tauni

Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti mwa Amalawi 100 aliwonse, 84 amakhala kumudzi. Koma tayang'anani kumene maphwando a ndakatulo amachitikira: Blantyre, Lilongwe, Zomba, mwa apo ndi apo Mzuzu. Anthu ambiri a ku Thekerani, ku Mitundu kapena ku Jenda amawadziwa a Benedicto Wokomaatani Malunga ndi a Robert Chiwamba ndi mawu okha, a pawailesi kapena a mufoni amene anakalowetsa kwa anyamata a kompyuta pamsika. Ndakatulo amazikonda, ena amaziloweza ndithu, koma mlakatuli wamoyo ataima kutsogolo kwawo sanamuonepo.

Ine ndikuti alakatuli ndi ofotokoza nthano ayambe kuyenda, ndipo asayende okha. Atenge woimba. Sindikunena za bandi ya anthu khumi ndi lole yodzaza masipika. Ndikunena za munthu mmodzi kapena awiri, wa gitala, wa bangwe, wa kaligo kapena wa ng'oma yaing'ono, amene angakwane m'minibasi imodzi ndi mlakatuliyo.

Ena adzati tikutengera za kunja. Ayi. Aliyense amene anakulira pafupi ndi agogo akudziwa kuti nthano yopanda nyimbo ndi yosowa. Wofotokoza amayamba, ana nkumavomera kuti “tili tonse”, ndipo nkhani ikafika pothina, pamene mwana wamasiye watsala yekha kudambo kapena pamene kalulu wagwidwa, pamabwera nyimbo. Wofotokoza amatsogolera, onse amavomera, ena akuomba m'manja. Nyimboyo imadzutsa amene ayamba kusinza, imapumitsa wofotokoza, ndipo ndi imene mwana amaikumbukira atakula, zina zonse ataziiwala. Oimba athu akale nawonso anali ofotokoza nkhani. Mverani malemu Allan Namoko ndi Chimvu River Jazz Band: banjo ikulira, koma chimene chimakugwira mtima ndi nkhani ya anthu imene akukamba. Mawu ndi nyimbo tinazilekanitsa ndife a masiku ano, titayamba kuganiza kuti ndakatulo ndi ya m'kalasi, nyimbo ndi ya kumowa.

Tsono pali kuyendera limodzi kumene sindikukufuna, ndipo ndakhala ndikukuona. Pa zoimbaimba zikuluzikulu mlakatuli amaitanidwa kudzatenthetsa bwalo. Amapatsidwa mphindi zisanu pamene anthu akulowa, kumbuyo kwake anyamata akuyesa ng'oma ndi kukoka mawaya. Akamaliza, wolengeza amati “tsopano tiyambepo”, ngati kuti zimene zangochitikazo zinali zotaya nthawi. Kwina woimba amaperekeza mlakatuli ndi kiyibodi yolira mokweza mwakuti mawu sakumveka, ndipo kayimbidwe kake n'kamodzimodzi, kachisoni, kaya ndakatulo ikunena za maliro kaya za Flames. Kumeneko si kugwirizana. Woimba ayenera kuidziwa ndakatuloyo, adziwe polowa, adziwenso pokhala chete. Zimafuna kukonzekera limodzi masiku angapo, osati kukumana kuseri kwa nsanja.

Kuti gulu laling'ono lingathe kukoka anthu, umboni ulipo. Madalitso Band ndi anthu awiri, Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni, babatoni ndi gitala, ndipo kuchokera m'misewu ya Lilongwe akavinitsa anthu ku Ulaya. Chikondwerero cha Tumaini ku Dzaleka m'boma la Dowa, chimene chinayamba mu 2014, anachiyambitsa ndi mlakatuli, Menes La Plume wa ku Congo, ndipo anthu amachoka m'tauni kupita kumsasa wa othawa kwawo kukaonera ndakatulo, magule ndi nyimbo pabwalo limodzi. Ngakhale kuyenda kumene si kwachilendo: gulu la zisudzo la Travelling Theatre la ku Chancellor College linkafika m'masukulu ndi m'maboma kalekale, m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, misewu ili yoipa kuposa lero.

Funso lalikulu ndi ndalama, ndipo sindikulipeputsa. Mafuta akwera, malo ogona ndi odula, ndipo munthu wakumudzi sangalipire pakhomo ndalama ya ku hotela. N'chifukwa chake alakatuli ambiri amafika kumudzi pokhapokha bungwe likawatenga pa galimoto yake. Apa m'pamene pali msampha. Bungwe likalipira, limasankhanso mutu: lero katemera, mawa kubzala mitengo, mkuja kulembetsa mavoti. Mauthengawa ndi abwino, koma anthu anazolowera. Akangoona zisoti ndi malaya olembedwa amadziwa kuti ndakatulo ithera pa langizo. Munthu wa ku Ntaja nayenso ali ndi ufulu womva ndakatulo ya chikondi, ya nsanje, yoseka andale, yopanda phunziro lililonse kumapeto. Tisamuone ngati wodwala wofunika uthenga nthawi zonse.

Njira ina ilipo, ngakhale ndi yotopetsa. Yendani nyengo yokolola ikatha, Juni mpaka Ogasiti, pamene anthu agulitsa mtedza, soya ndi fodya ndipo misewu yauma. Tsatirani masiku a msika. Holo ya sekondale, ya tchalitchi kapena bwalo la mfumu n'zokwanira, ndipo masana ana asukulu angaonere pamtengo wotsika, madzulo akuluakulu. Wailesi za m'madera zilipo zoti n'kulengeza. Wina atabwera ndi mbale ya mtedza m'malo mwa ndalama, mulandireni, mtedza umagulika.

Chimene ndikuchiumirira kwambiri ndi ichi: kulikonse mwafika, perekani mpata kwa eni mudzi. Pali agogo odziwa nthano zimene sizinalembedwepo, pali mkulu amene bangwe yake yakhala pakhoma zaka zambiri chifukwa palibe womupempha. Bungwe la National Library Service lakhala likujambula nthano m'maboma mothandizana ndi UNESCO, ndipo ndi ntchito yotamandika. Koma nthano yosungidwa m'kompyuta ili ngati mbewu ya m'nkhokwe: imasungika, koma simera. Agogowo aime pabwalo limodzi ndi mlakatuli wotchuka, adzukulu awo akuona, ndipo pogawana za pakhomo alandire gawo lawo, osati botolo la zoziziritsa kukhosi lokha.

Boma ndi makampani amene amathira ndalama m'zikondwerero za kunyanja angathandize ndi mafuta ndi zokuzira mawu, osalowerera pa zimene zilakatulidwe. Koma alakatuli musadikire zimenezo. A Poetry Association of Malawi, khalani pansi ndi anzanu oimba, musankhe misika isanu ya m'boma limodzi, ndipo chilimwe chikubwerachi muyambire pomwepo.